Kulipira ndalama kukaona mipando yopanda anthu ku Old Trafford: nzeru kapena misala?

Mwana_wa_Fergie
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mwezi wamawa akuntchito akunditumiza ku Manchester kukachita maphunziro a sabata imodzi, ndipo viza yatuluka dzana. Maphunzirowo akutha Lachisanu, ndege yobwerera ndi ya Lolemba, ndiye Loweruka ndi Lamulungu ndilibe chochita. Ine United ndinayamba kuisapota mu 1999, usiku uja ku Camp Nou pamene Sheringham ndi Solskjaer anagwetsa Bayern gemu itatsala pang'ono kutha. Ndinali kamnyamata, ndinaonera pawindo la eni ake. Ndiye ndifike ku Manchester n'kubwerako osaponda pa Old Trafford? Ayi ndithu.

Vuto ndi ili. Loweruka limenelo timu ikusewera pakhomo, koma tikiti ndasaka mpaka ndatopa, palibe. Chomwe chikupezeka ndi ulendo woyendera bwalo tsiku lopanda gemu, amakuonetsani chipinda chovalira, zikho ndi zina zotero. Ndawauza mayi a kunyumba, andiseka mpaka misozi. Akuti, "Bambo, mukalipire ndalama kuti mukaone mipando yopanda anthu?" Amene munapitako, n'zoona kuti n'kutaya ndalama? Nanga masamba a pa intaneti amene akugulitsa matikiti a gemu pamtengo wokwera aja, ndi odalirika?

Kop_1892
Mayi akunena zoona. Kwerani sitima mupite ku Liverpool, ndi ulendo wosakwana ola limodzi, mukaone bwalo lenileni.

Mwana_wa_Fergie
Ndimadziwa kuti woyamba kuyankha mukhala inu.

Kop_1892
Mukakakamirabe ku Old Trafford musaiwale ambulera. Denga lake timaliona pa TV likuchucha ngati mathithi.

Gogo_Goloboyi
Asiyeni awo, achimwene. Ine ndinayenda ulendo umenewu zaka zingapo zapitazo pamene ndinakaona mwana wanga, ndipo ndikuuzani zomwe ndinaona.

Choyamba, musaganize kuti mukapondako pa kapinga. Amakufikitsani m'mphepete basi, pali chingwe, ndipo wokuperekezani amakhala maso ali pa mapazi anu. Tsiku limene ndinapita, pabwalo anali atayalapo makina a nyale zazikulu zoyenda pa matayala, zikuwalitsa udzu masana dzuwa lili mmwamba. Ndinafunsa, anati m'nyengo yozizira dzuwa silifika bwino pansi chifukwa cha madenga, ndiye udzu amaulera ndi magetsi ngati anapiye. Zimenezo pa TV simungazione.

Chachiwiri, mumalowa m'chipinda chovalira, majezi atapachikidwa aliyense pamalo pake, n'kukhala pa benchi pomwe osewera amamangira nsapato. Kenako amakufoletsani mizere iwiri ngati matimu, n'kukutulutsani kudzera m'njira imene osewera amatulukira, pakona ya mbali ya Stretford End. Ine ndi imvi zangazi ndinamva tsemwe thupi lonse. Palinso kanjira kakale pakati pa bwalo. Kameneko ndi kokhako katsala ka bwalo loyamba la 1910, chifukwa mabomba a Germany anagumula kwambiri mu 1941, mpaka United inakabwereka bwalo la City ku Maine Road kufikira 1949.

Koma chimene ndinabwera nacho mumtima si zikho ayi. Ndi wotchi ya Munich, ili panja pakhoma, yolembedwa tsiku la 6 February 1958. Timu imachokera ku Belgrade kokasewera ndi Red Star, ndege inatera ku Munich kuthira mafuta, ndipo poyesa kunyamuka kachitatu inachita ngozi. Anthu 23 anataya miyoyo, 8 mwa iwo osewera. Duncan Edwards anamwalira m'chipatala patapita masiku 15, ali ndi zaka 21 zokha. Kochi Matt Busby anapulumuka, anamanganso timu, n'kudzatenga chikho cha Ulaya mu 1968 atagonjetsa Benfica 4-1 pa Wembley. Ukaima pansi pa wotchi ija nkhani imene unkangoimva imasanduka maliro enieni. Awuzeni mayi kuti si mipando yokha.

Zilipati
Gogo, wotchi mwati ili panja. Ndiye munthu angathe kuiona ulere osalipira kanthu?

Gogo_Goloboyi
Eya, wotchi, ziboliboli za Busby ndi Ferguson, ndi chija cha anthu atatu, Best, Law ndi Charlton, zonsezo zili panja, mukhoza kujambulitsa ulere. Cholipira ndi kulowa mkati ndi myuziyamu.

Zilipati
Basi nkhani yatha. Jambulitsani panja, ndalamayo mukawagulire mayi mafuta onunkhira. Pachithunzi ndani angadziwe kuti simunalowe?

Mwana_wa_Fergie
Ndidziwa ndine.

Zandigwera
Pa funso lanu lachiwiri lija, la matikiti a pa intaneti, ndiloleni ndiyankhe ine chifukwa ndinapsa nazo. Ndinali ku London, ndinkafuna kuonera gemu ya Premier League zivute zitani. Ndinapeza tsamba lina looneka bwinobwino, zithunzi za mabwalo, ndemanga za anthu oyamikira, zonse. Ndinalipira ndalama imene mpaka lero sindinauze aliyense kunyumba. Tikiti inabwera pafoni kutatsala maola ochepa, dzina lake la munthu wina. Ndinawalembera, anati palibe vuto, ingolowani. Ndinafika pachipata, anthu ali pamzere kumbuyo kwanga, ndinagunditsa foni pamakina, kanyale kofiira. Ndinagunditsanso, kofiira. Mlonda anangoti ndipatuke kuti ena adutse. Nditapita kuofesi ya matikiti anandiuza mwaulemu kuti tikitiyo inagwiritsidwa kale ntchito, mwini mpando ali mkati. Tanthauzo lake anaigulitsa kwa anthu angapo. Ndinaima panja ndikumva anthu akukuwa zigoli, foni ya wogulitsa ikungoitana. Madobadoba ali paliponse, abale, kungoti akumeneko amavala bwino.

Kadaulo_wa_Malamulo
Pepani @Zandigwera. Kuti ena asagwe m'mbuna yomweyo: ku England ndi Wales kugulitsa tikiti ya mpira popanda chilolezo cha kalabu ndi mlandu, lamulo lake ndi la 1994. Ndiye masamba ambiri oterewa amakhala kunja kwa dzikolo, ndipo mukaberedwa mulibe kokadandaula. Matimu akuluakulu amagulitsa matikiti poyamba kwa mamembala awo, ndipo masiku ano ambiri ndi a pafoni, olumikizidwa ndi dzina la mwini wake. Njira zolongosoka ndi ziwiri: kulembetsa umembala pa tsamba la kalabu n'kumadikira matikiti amene eni mipando abweza, kapena kugula matikiti apamwamba ophatikiza chakudya, amene kalabu imagulitsa yokha. Achiwiriwa amapezeka, koma mtengo wake ndi wolira nawo.

China chimene alendo ambiri sadziwa: tsiku la gemu limasuntha chifukwa cha TV. Yolembedwa Loweruka ikhoza kupita Lamulungu kapena Lolemba usiku. Ndiye @Mwana_wa_Fergie musanalipire ulendo woyendera bwalo, tsimikizani kaye tsiku la gemu, chifukwa tsiku la masewero ulendowo sukhalapo.

Mwana_wa_Fergie
Zikomo akulu. Ndaonanso, gemu yatsimikizika Loweruka madzulo. Ndiye kuyendera bwalo kungatheke Lamulungu.

Khoma_Lachikasu
Ine ndisiyana nanu nonse. Bwalo lopanda anthu ndi chigoba. Ndinapita ku Dortmund, ndinaonera gemu pa Signal Iduna Park, anthu oposa 80,000, ndipo kumbuyo kwa golo limodzi kuli anthu pafupifupi 25,000 oimirira okhaokha, chikasu chokhachokha kuyambira pansi mpaka kudenga. Akayamba kudumpha umamva simenti ikunjenjemera m'mapazi. Mawa lake ndinadutsanso pomwepo, kuli zii, mapepala akungouluka ndi mphepo. Ndinadzifunsa kuti kodi ndi malo omwe aja? Mpira ndi anthu. Ngati tikiti ya United yavuta, kaonereni gemu ina iliyonse. Kufupi ndi Manchester kuli Stockport County, Salford City, Bolton, Wigan, Oldham. Kulinso FC United of Manchester, timu imene masapota a United enieni anayambitsa mu 2005 pokwiya ndi kugulidwa kwa kalabu ndi banja la Glazer. Amasewera ku Broadhurst Park, ndipo kumeneko mukaimba nawo mpaka mawu kusasa.

Gogo_Goloboyi
Mwanena zoona kuti mpira ndi anthu, koma munthuyu sanafunse za mpira wamba. Wakhala zaka zoposa 25 akuona bwalo limodzi pagalasi. Mukamutumiza ku Wigan zili ngati munthu wafuna kukaona kwawo kwa agogo ake inu n'kumulozera mudzi woyandikana nawo, ati poti kumeneko kuli gule.

Khoma_Lachikasu
Koma gule ndi gule, agogo.

WaGunners
Ine ndigwirizana ndi Gogo pa chifukwa china. Mabwalo amenewa sakhala mpaka kale. Ine ndinachedwa, Highbury ndinaipeza itasanduka nyumba zogonamo anthu. Arsenal inasamuka mu 2006 kupita ku Emirates, mtunda wongoyenda pansi. Khoma lakutsogolo la Highbury analisiya, ndipo pamene panali bwalo pali dimba la maluwa la eni nyumbazo. Ndinaima pageti n'kumasuzumira ngati wakuba, ndikuyesa kuganiza kuti Henry ankathamangira pati. West Ham inachoka ku Upton Park, anagumula. White Hart Lane ya Tottenham anagumula mu 2017. Timu ya amuna ya Everton inachoka ku Goodison Park mu 2025. Ndipo United yomweyo inalengeza mu March 2025 kuti ikufuna kumanga bwalo latsopano la anthu 100,000. Ndiye pitani, lowani, gwirani khoma ndi manja anu likadalipo.

Kop_1892
Bwalo latsopano lidzathandiza chiyani timu ikusewera chonchi? 7-0 ija tinakukwapulani mu 2023 inachitika chifukwa cha denga?

Mwana_wa_Fergie
Ma admin, munthuyu mumamusungiranji pagulu pano?

Kop_1892
Chabwino, nthabwala pambali. Ngati muli ndi masiku awiri, Anfield ndi yoyenera kuiona ngakhale ndinu adani athu. Ili pakati pa nyumba za anthu, umangoyenda m'kamsewu kenako bwalo lili pamaso pako. Ambiri sadziwa kuti oyamba kusewerapo anali Everton, kuyambira 1884. Atakangana ndi mwini malo pa nkhani ya lendi anasamuka mu 1892, ndipo mwini maloyo anayambitsa Liverpool kuti bwalo lisakhale chabe. Dzina loti Kop, la mbali ya masapota kumbuyo kwa golo limodzi, linachokera ku phiri la Spion Kop ku South Africa, kumene kunachitika nkhondo mu 1900 ndipo kunafa asilikali ambiri a dera la Lancashire. Pa ulendo woyendera bwalo amakulolani kugwira chikwangwani chija osewera amadutsa pansi pake potuluka, chimene anaikitsa kochi wathu wakale Shankly. Klopp atabwera analetsa osewera ake kuchigwira mpaka atapambana chikho. Ine ndinachigwira ndi manja awiri, palibe anandiletsa.

Ndipo zimene Gogo anena za Munich, ifenso tili nazo. Panja pali chikumbutso cha anthu 97 a ngozi ya Hillsborough ya 15 April 1989, maina onse atalembedwa ndi zaka zawo, moto ukuyaka pakati osazima. Ndinawerenga zakazo, ena ana a sukulu. Pamenepo ndinapeza bambo wina atavala sikafu ya Everton akukonza maluwa amene mphepo inagwetsa. Sindinajambule, manja anakana.

Gogo_Goloboyi
Apa ndiye mwalankhula ngati munthu wamkulu.

Nachisale_FC
Funso langa ndi lapambali, mundikhululukire. Jezi yanga si yoyambirira, ndi zija zotchipa zija. Ndikavala kumeneko sangandigwire?

Zilipati
Akakugwirani ndi apolisi a fashoni.

Kadaulo_wa_Malamulo
Palibe amene amayendera makola a anthu pachipata, achemwali. Chimene muyenera kusamala ndi mtundu wa jezi. Tsiku la gemu musavale ya timu yobwera n'kukhala pakati pa eni bwalo, alonda akhoza kukutulutsani, ndipo ngakhale kukuwa chigoli cha alendo muli mbali imeneyo ndi kudziputira. Chikwama chachikulu samalola, tengani kakang'ono. Mowa amagulitsa m'makonde a mkati, koma pa magemu a ligi zapamwamba ku England saloledwa kumwera pamalo pamene ukuona bwalo, lamulo la 1985. Ku Germany anthu amamwera pampando pomwepo.

Nachisale_FC
Ndiye jezi yanga ipita nawo. Zikomo.

Dada_wa_Barca
Langizo langa ndi loti fufuzani musananyamuke, musachite zanga. Ndinali ku Spain kumapeto kwa 2023 pa zochitika za mpingo, ndinapatula tsiku limodzi kukwera sitima mpaka ku Barcelona, mtima uli dyokodyoko kuti lero ndiona Camp Nou, bwalo la anthu 99,000. Ndinafika n'kupeza makina ogumulira, fumbi, mipanda ya malata ndi anthu a zipewa zolimba. Bwalo linali pa ntchito yolimanganso, timu ikusewera ku bwalo la Olympic paphiri la Montjuïc. Nkhaniyi dziko lonse limaidziwa kupatula ine. Ndinajambulitsa kutsogolo kwa kireni.

Madridista_Weniweni
Mukanangopitirira ku Madrid. Bernabéu pano ili ndi denga lotseka ndi kutsegula, ndipo kapinga amamugawa zigawo n'kumutsitsira pansi pa nthaka, komwe amamuthirira ndi kumuunikira, kuti pamwamba pathe kuchitikira zoimbaimba. Zikho 15 za Ulaya zili m'kabati imodzi. Ena akaika zitatu amati myuziyamu.

Mwana_wa_Fergie
Zitatuzo n'zathu, sitinabwereke. Koma funso: ndi viza yangayi ndingadumphire ku Spain tsiku limodzi?

Kadaulo_wa_Malamulo
Ayi. Viza ya UK ndi ya UK. Spain, Germany, Italy ndi France zili m'gulu la Schengen, imeneyo ndi viza ina yofunsira payokha. Ku Liverpool, London kapena Glasgow mukhoza kupita momasuka. London kuchokera ku Manchester Piccadilly ndi maola awiri ndi mphindi zochepa pa sitima, koma tikiti yogula tsiku lomwelo imaluma.

Vuvuzela2010
Nonse mukungotchula za ku Ulaya ngati kuno ku Africa kulibe mabwalo. Soccer City ku Johannesburg, imene amati FNB, imalowa anthu oposa 90,000, kuposa Old Trafford ndi Anfield. Ndi pamene Iniesta anachinya Netherlands mu fainolo ya 2010. Ndinaonerapo Chiefs ndi Pirates, makutu analira masiku awiri.

WaGunners
Palibe akutsutsa, koma munthuyu ndege yake ikupita ku Manchester.

Vuvuzela2010
Ndimangokumbutsa.

Mlendo_ndi_Mame
Tibwerere kwa mwini nkhani. Zing'onozing'ono zimene zinandisokoneza ine: mukakwera tram ya Metrolink, kasitima ka m'tauni, pali siteshoni yolembedwa Old Trafford. Ine ndinatsika pamenepo ndi chimwemwe, n'kuona bwalo pafupi pomwepo, ndinayamba kujambula. Ndinadabwa kuti bwanji palibe chofiira. Linali bwalo la cricket la Lancashire, nalonso dzina lake ndi Old Trafford. La mpira lili patsogolo, kuyenda pansi mphindi khumi kapena kuposerapo. Siteshoni ya Wharfside ndiye ili pafupi.

Valani zofunda zenizeni. Mkati mwa bwalo lopanda anthu mumazizira kuposa panja, mphepo imangozungulira. Foni itchajeni mokwanira chifukwa kuzizira kumadya batire. Sitolo ya kalabu ili pomwe ulendo umathera, ndipo sanaiike pamenepo mwangozi: umatuluka mtima uli wofewa, n'kupezeka wagula jezi, sikafu, kapu ndi kaswetala ka mwana amene sanabadwe. Ikani malire musanalowe. Mukakhala ndi nthawi, m'tauni pafupi ndi siteshoni ya Victoria muli National Football Museum.

Ndipo Loweruka, ngakhale mulibe tikiti, pitani basi. Fikani kutatsala maola awiri, yendani ndi chikhamu cha anthu mu Sir Matt Busby Way, mumve nyimbo, muone apolisi a pa mahatchi. Gemu ikayamba kalowereni m'bala yapafupi. Mwayi wanu ndi woti ndi yamadzulo, chifukwa za 3 koloko Loweruka sazionetsa pa TV ku UK. Anthu a mayiko ena amaonera, iwe uli mtunda wa kilomita imodzi kuchokera pabwalo osaona kanthu.

Khoma_Lachikasu
Apa ndiye tagwirizana. Anthu Loweruka, chigoba Lamulungu.

Mwana_wa_Fergie
Ndamva zonse. Ndalipira ulendo wa Lamulungu m'mawa pa tsamba la kalabu lenilenilo. Za madobadoba ndazisiya, @Zandigwera mwandipulumutsa. Mayi ndawawerengera zimene analemba Gogo, angoti, "Chabwino, koma mafuta onunkhira anenedwa apo ndawamva." @Zilipati mwandipalamulira.

Zilipati
Ndimagwira ntchito ya Mulungu.

Mwana_wa_Fergie
Abale, ndabwerako, ndafika usiku wathawu. Ndinalonjeza lipoti.

Loweruka ndinachita monga ananenera @Mlendo_ndi_Mame. Ndinatsikira ku Wharfside n'kulowa m'chikhamu. Sindinapite ku bala msanga, ndinatsalira panja gemu itayamba, ine ndi ogulitsa masikafu akulongedza katundu wawo. Phokoso la anthu oposa 70,000 ukalimvera kunja silimveka ngati kukuwa, limamveka ngati mvula yamkuntho ikubwera patali, kenako limaphulika. Chigoli ndinachidziwa ndi m'mimba foni isanandiuze. Ndinakumbatirana ndi mkulu wina wogulitsa masikafu amene sindidzamuonanso.

Lamulungu tinalipo anthu ngati makumi awiri, ochokera mayiko osiyanasiyana, wina ndi mwana wake wamng'ono atavala jezi yofika m'maondo. Nyale za udzu zija Gogo ndinazipeza, ndipo pamalo ena kapinga anali ndi mabala a gemu ya dzulo lake, anyamata awiri akuwakonza ndi mafoloko, kachidutswa kamodzikamodzi. Bwalo ndi lotsetsereka m'mphepete, likafika pamzere limatsika ngati kamtunda, chinthu chimene zaka zonsezi sindinachizindikire. Nditakhala pampando wa kochi ndinaimbira mkulu wanga pa vidiyo, amene anandinyamula paphewa pawindo lija mu 1999. Ndinangotembenuza kamera osanena kanthu. Iyenso sananene kanthu, kenako ndinamva akufwenthera. Batire inathera pomwepo, ndiye zithunzi za m'chipinda cha zikho ndilibe ngakhale chimodzi.

Pa wotchi ya Munich ndinapitapo kawiri. M'sitolo ndinaika malire, ndinawadumpha.

Gogo_Goloboyi
Mwayenda bwino, mwana wanga. Mkulu wanuyo mumupatse sikafu.

Khoma_Lachikasu
Ndiye tinene kuti linaposa ndi liti, Loweruka kapena Lamulungu?

Mwana_wa_Fergie
Musandifunse zimenezo, sindinagone mokwanira.

Kop_1892
Funso langa ndi limodzi lokha. Ambulera inagwira ntchito?

Mwana_wa_Fergie
Kunalibe mvula.

Kop_1892
Ku Manchester kopanda mvula? Akulu, onetsani chidindo cha mu pasipoti, mwina munatsikira kwina.